Amakaniko, siyani kutidulira kambale ka kuseri kwa disiki ya mabuleki

Abale anga a pa tsamba lino, lero za feteleza ndi mitengo ya kachewere tayambani taziika pambali. Ndili ndi mlandu ndi amakaniko, ndipo ndikufuna ndiutule pano pagulu kuti aliyense amve. Ena akhumudwa, ndikudziwa, ena mwa iwo timapemphera limodzi. Koma wakutsina khutu ndi mnansi.

Nkhani yake ndi ya kachitsulo kamene ambiri muli nako pa galimoto yanu koma simunakaonepo. Mukachotsa tayala lakutsogolo mumaona disiki, chitsulo chozungulira chija chimene mapadi amachipana mukaponda buleki. Suzumirani kuseri kwa disikiyo, cha kumbali ya injini. Mupeza kambale kachitsulo kopyapyala, kokhala ngati chivindikiro cha poto wamkulu, komangidwa ndi timabawuti titatu kapena tinayi. Sikazungulira ndi tayala, kamangokhala phee. Amakaniko ena amakatchula kuti backplate, ena dust cover, ena dust shield. Ine ndizingoti kambale.

Funso ndi lakuti: kakapindika, kakadyedwa ndi dzimbiri, kapena kakayamba kulira, tizikadula n'kutaya, kapena tizikawongola, kakafa n'kuika kena? Ine ndikuti kazikhalapo. Pa misewu yathu ya kumudzi, kuchotsa kambale ndi kulakwa, ndipo amene amatiuza kuti n'kopanda ntchito akutinamiza kuti ntchito yawo ichepe. Ndikunena izi nditalipira kale fizi ya sukulu yake ndi matumba a mbatata.

Mu February chaka chatha, mvula itakhazikika, ndimachoka kumunda ndi kapikapu kanga kakale kaja. Amene mumadziwa kuno kumtunda kwa Dedza, cha ku Bembeke, mukudziwa mmene msewu wa kumudzi umakhalira nthawi imeneyo: matope ofiira, timiyala, ngalande zokumbidwa ndi madzi pakati penipeni pa msewu. Pa malo ena tayala lakumanzere linagwera m'ngalande n'kugunda mwala. Titangofika pa tala ndinayamba kumva phokoso, tsiii, tsiii, tsiii, ngati munthu akunola chikwanje pa mwala. Ndikathamanga nalonso likuthamanga, ndikachepetsa nalonso likuchepetsa. Mayi akunyumba anali pambali panga, anangogwira chitseko n'kunena kuti, "Bambo, imani, tayala likuchoka ili."

Ndinakalowetsa pa galaja ina ya pa tauni yathu, sinditchula dzina. Mnyamata wake anaika jeki, anachotsa tayala, anazunguza disiki ndi dzanja, n'kuseka.

"Madala, musadandaule. Ndi kambale aka, kapindika, kakukhudza disiki. Tingokachotsa."

"Nanga ntchito yake ndi yotani, achimwene?"

"Palibe. Izi anaikira kwawo kuja kogwa chipale chofewa. Kuno kumatentha, mabuleki amafuna mphepo. Aliyense timamuchotsera."

Anatenga sizasi yodulira malata ndi tchizulo, mphindi khumi sizinakwane, kambale kali pa mulu wa zitsulo zogulitsa pa sikelo. Phokoso linatha. Ndinalipira mosangalala, ndinamuwonjezera ya fanta. Safunsa anadya phula, abale. Ndinafunsa kamodzi kokha, n'kukhutira ndi yankho loyamba chifukwa linali lotchipa.

Tsopano mvetsani bwino apa, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Mnyamatayo anadula mbali imodzi yokha, yakumanzere, poti ndi imene imalira. Kumanja kambale kanatsala. Ndipo mwezi umodzi m'mbuyo mwake ndinali nditaika mapadi atsopano mbali zonse ziwiri, a m'bokosi limodzi, tsiku limodzi. Ndiye mosadziwa ndinasandutsa galimoto yanga munda wachitsanzo, ngati uja alangizi amatilimitsa: mbewu imodzi, dothi limodzi, mvula imodzi, mzere wina wathira manyowa, wina ayi.

Inatha mvula, inabwera nthawi yokolola, linabwera fumbi la August ndi September. Galimoto ikuyenda tsiku ndi tsiku, kumunda, kudimba, ku Lizulu, nthawi zina kutsika Khwekhwerere kukagulitsa kumunsi ku Golomoti. Chakumapeto kwa October ndinayamba kumva gudu gudu kutsogolo kumanzere ndikaponda mabampu, ndipo buleki inayamba kukhala ndi kaphokoso kokhakhala. Ulendo uno ndinapita kwa mkulu wina wachikulire ku Dedza boma, wa imvi zake, wosafulumira. Anachotsa matayala onse awiri n'kundiitana kuti, "Bwerani muone nokha, bambo, ndisakuuzeni ine."

Kumanja, kumene kunali kambale, disiki inali yosalala mbali zonse, mapadi awiri atatha mofanana, akadali ndi nyama. Kumanzere, nkhope yakunja ya disiki inali bwinobwino, koma yamkati inali ndi mizere yakuya ngati munthu walima ndi chala pa dothi lonyowa. Padi yamkati inali itatsala pang'ono kufika pa chitsulo. Labala ya ball joint yapansi inali itauma n'kung'ambika, girisi yatuluka, mchenga walowa, ndiye gudu gudu uja.

Mkuluyo sanathamangire kuweruza. Anati padi yamkati ikamatha msanga, kawirikawiri vuto limakhala timapini ta caliper tikagwira dzimbiri n'kusiya kutsetsereka. Anatisolola, anatiyang'ana, tinali tikuyenda bwino, girisi ilimo. Kenako anangoloza pamene panali kambale, pali timabawuti tokha ndi tizidutswa ta chitsulo, n'kundifunsa kuti, "Anakudulirani ndani?" Ndinangoti kukamwa yasa. Tsiku limenelo ndinagula disiki, mapadi ndi ball joint, ndipo poti disiki sasintha imodzi, ndinagula awiri. Ndalama ya matumba angapo a kachewere inapita chifukwa cha ntchito ya mphindi khumi.

Ndikudziwa kuti wina alemba m'munsimu kuti galimoto imodzi si kafukufuku. Zoona, sindine injiniya, ndine mlimi. Mwinanso ball joint ija inali itakalamba kale. Koma kutsutsa galu n'kukumba. Tiyeni tikumbe, tione kuti kambaleka kamagwira ntchito yanji, kenako muweruze nokha.

Ntchito yoyamba ndi kutchinga. Nkhope yakunja ya disiki imabisala mkati mwa limu ya tayala, ndiye ili ndi chotchinga kale. Nkhope yamkati ndi imene yayang'ana pansi pa galimoto, kumene kumadutsa zonse zimene matayala akuponya: madzi amatope, mchenga, timiyala. Mchenga ukalowa pakati pa padi ndi disiki umakhala ngati sandipepa. Nthawi iliyonse mwaponda buleki mukupala chitsulo chanu chomwe. Kambale sikatseka zonse, ayi, koma kamachepetsa kwambiri.

Yachiwiri ndi ya madzi. Mukadutsa pa chithaphwi, disiki yonyowa siigwira nthawi yomweyo, mapadi amayamba apukuta madziwo kaye. Ngati mbali imodzi yanyowa kwambiri kuposa inzake, galimoto imakokera kumbali mukaponda buleki. Ndiye taganizani, wina wakudulirani mbali imodzi yokha ngati ine.

Yachitatu ambiri saidziwa: kambale kamateteza zinthu zina ku moto wa disiki. Buleki imaimitsa galimoto posandutsa liwiro kukhala kutentha. Pa mtsetse wautali, ndi katundu kumbuyo, disiki imatentha madigiri mazanamazana, mpaka ikhoza kufiira. Pafupi pomwepo, kutalika kwa zala ziwiri kapena zitatu, pali labala ya ball joint ndi ya tie rod end, pali paipi ya labala yodzera brake fluid, ndipo pa galimoto za ABS pali kawaya ka sensa. Labala ndi moto sizigwirizana. Amayi akamaphika nsima pa mafuwa, chigubu cha pulasitiki sachiika pafupi, ndipo malo akachepa amaika kachidutswa ka lata pakati. Kambale ndi lata limenelo.

Yachinayi ndi ya galimoto zokoka ndi matayala akutsogolo, monga ma Sienta ndi anzake amene adzaza m'misewu yathu, komanso za 4x4. Labala ya CV joint ikang'ambika, girisi imamwazika mozungulira pamene shafti ikuzungulira. Kambale kakakhalapo, yambiri imathera pa iko. Kakapanda, ina imakafika pa disiki. Girisi pa buleki, sindikufunika kukuuzani mapeto ake.

Tsopano tiyeni tiyankhe zimene amatiuza pa galaja, chimodzichimodzi.

Amati kuchotsa kumaziziritsa mabuleki. Apa pali kachoonadi pang'ono, ndipo ndi kamene kamapusitsa anthu. Anthu a mipikisano ya galimoto kunja kuja amachotsadi timbaleti kapena kutidula. Koma iwo amathamanga pa tala wosesedwa, wopanda mchenga, ambiri amaika mapaipi obweretsa mphepo pa disiki, ndipo mapadi ndi madisiki amayang'ana ndi kusintha pafupipafupi. Inu ndi ine tikuthamangitsana ndi ndani popita kuchigayo? Komanso yang'anitsitsani disiki yakutsogolo ya galimoto zambiri. Si chitsulo chimodzi chogwirana, ndi nkhope ziwiri zokhala ndi mipata pakati. Ikamazungulira imakoka mpweya kuchokera chapakati n'kuutulutsira m'mphepete, ngati fani. Kuzizira kwake kwambiri kumachokera pamenepo. Ndipo timbale tambiri tili ndi mabowo kapena kamlomo kopindidwa dala kuti mphepo izilowera chapakatipo. Amene anapanga galimotoyo za kutentha anaziganizira kale.

Ngati mabuleki anu akufooka potsika Khwekhwerere, wolakwa si kambale. Olakwa ndi atatu. Woyamba ndi katundu: kapikapu ka tani imodzi mwakasenzetsa matumba mpaka masipuling'i awongoka, anthu asanu akhala pamwamba. Wachiwiri ndi giya: mukutsika pa giya yaikulu, ena mpaka pa nyutulo ati kupulumutsa mafuta, phazi lili pa buleki kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ikani giya yachiwiri, injini igwire galimoto, buleki muziponda n'kusiya. Wachitatu ndi brake fluid yakale. Pa botolo pamalembedwa DOT 3 kapena DOT 4. DOT 3 yatsopano siyenera kuwira isanafike madigiri 205, DOT 4 madigiri 230. Koma mafuta amenewa amayamwa chinyezi pakapita nthawi, ndipo akatero malire aja amatsika kufika cha pa 140 kwa DOT 3 ndi 155 kwa DOT 4. Akawira, mumaponda buleki phazi n'kungofika pansi ngati mwaponda siponji. N'chifukwa chake opanga galimoto ambiri amati tizisintha pakatha zaka ziwiri kapena zitatu. Ndani mwa ife anasinthapo? Timangothira pamwamba. Ndiye mavuto atatuwa tawasiya, tikukalimbana ndi kambale kosalakwa.

Amati anaikira kwawo kogwa chipale chofewa. Iyi ndiye imandiseketsa. Galimoto zathu zambiri zimachokera ku Japan, zina ku UK, kudzera pa madoko ngati Dar es Salaam ndi Durban. Kumeneko misewu yambiri ndi ya tala, yosamalidwa. Ngati anaona kuti kambale n'kofunika pa msewu wotero, nanga kuno kumene msewu ndi mchenga miyezi isanu ndi umodzi, matope miyezi inayo? Dzina lenilenilo likuti dust, fumbi. Fumbi lili kuti, ku Nagoya kapena kwathu kuno mu September? Chimene chipale chofewa chimachita n'chakuti m'madera ozizira amathira mchere m'misewu nthawi yachisanu, ndipo mcherewo umadya zitsulo zopyapyala za pansi pa galimoto. N'chifukwa chake galimoto zina zimafika kuno timbale titawola kale, tikungogwedera. Mcherewo ndi umene unapha kambale, si umene unachititsa kuti kaikidwe.

Amati kamasunga miyala ndi matope. Izi ndi zoona, ndipo sinditsutsa. Kamwala kakhoza kupanikizika pakati pa kambale ndi disiki n'kumalira mpaka anthu a m'mbali mwa msewu kucheuka. Matope a makande akhoza kudzaza pamenepo n'kuuma gwa. Ena oyenda m'matope akuya masiku onse amachotsa pa chifukwa chimenechi, ndipo ndimawamvetsa. Koma taganizani za njinga yakapalasa. Nthawi ya dzinja matope amadzaza m'madigadi mpaka tayala kukana kuzungulira. Wanzeru amatsika, amathyola kamtengo, amatokosa, n'kupitiriza ulendo. Wopupuluma amazula madigadi, n'kukafika ku tchalitchi msana wonse uli mzere wa matope, tcheni ndi mabuleki zikudya mchenga. Kamwala kakalowa, nthawi zambiri mukabwerera m'mbuyo pang'ono kamagwa kokha. Kakakana, chotsani tayala, kankhirani kambale m'mbuyo pang'ono ndi sikuludiraiva, kamwala kagwe. Matope ndi ndowa imodzi ya madzi madzulo, disiki itazizira. Tisamathire madzi pa disiki yotentha, ikhoza kupindika. Udzu wa pakhonde ukalowa chiswe timasintha udzuwo, sitigwetsa khonde kuti mvula izimenya khoma.

Amati, "Ine ndayenda zaka zisanu popanda kambale, sindinafe." Inde, achimwene, ndipo tikuthokoza Mulungu. Sindinanene kuti mukachotsa lero, mawa mugwera kuphompho. Galimoto yopanda kambale imaima ndithu. Kambale kakutsogolo si kamene kamagwira galimoto. Vuto lake ndi lakuti kuwonongeka kwake n'kwa pang'onopang'ono, kosalira, ndipo bilu yake imabwera pa dzina lina. Mumangoti mapadi a masiku ano ndi achinyengo, satha miyezi inayi. Mumangoti ma ball joint a masiku ano ndi mapepala. Mwina ndi zoona, zachinyengo zilipo zambiri pa msika. Koma munayamba mwawerengapo kuti pa zaka zisanuzo mwagula mapadi kangati, poyerekeza ndi mnzanu amene kambale kake kalipo? Ndiponso amene amayenda pa tala yekhayekha, Lilongwe mpaka Blantyre, asamatiuze ife a kumudzi zochita. Msewu wake ndi wathu si umodzi.

Tsono chifukwa chenicheni chimene amadulira ndi ichi, ndipo mkulu uja wa ku boma anandiuza mosabisa. Pa galimoto zambiri kambale kamalowa hub isanalowe. Bowo lake lapakati ndi laling'ono kuposa hub. Kuti muchotse kakale bwinobwino n'kuika katsopano, muyenera kuchotsa caliper, disiki, kenako hub yeniyeniyo. Pa galimoto zina hub imatuluka ndi mabawuti, koma pa zina inapanikizidwa mu bearing ndi makina, ndipo poitulutsa bearing imawonongeka, mugulenso ina. Ndi ntchito ya maola. Pamene kudula ndi mphindi khumi, kasitomala wamva phokoso latha, walipira akumwetulira, ndipo akadzabwera ndi disiki yolimidwa mizere ndi ntchito inanso. Ine sindikuti onse amachita dala. Ambiri anangophunzira choncho kwa amene anawaphunzitsa. Koma kunena kuti "n'kopanda ntchito" pamene choona ndi chakuti "n'kovuta kusintha" ndi bodza. Ndiuzeni zoona: "Madala, kusintha kukudyerani ndalama zakuti, kudula ndi zakuti, kuipa kwake ndi uku." Ndisankhe ndekha. Galimoto ndi yanga, thumba ndi langa.

Ndipo chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti kanga kaja sikanali kowola. Kanangopindika. Chitsulo chake n'chofewa, chimabwerera ndi dzanja kapena pulayala. Ntchito yowongola inali yaifupi kuposa yodula.

Apa ndiime kaye ndichenjeze, chifukwa pali malo ena pamene nkhaniyi si ya ndalama chabe koma ya moyo. Galimoto zathu zambiri kutsogolo ndi disiki, kumbuyo ndi dramu. Chimbale cha kuseri kwa dramu nachonso amachitchula kuti backplate, koma chimenecho ndi china. N'chokhuthala, ndipo ndi pamene pamangiriridwa ma shoe, masipuling'i ndi silinda ya buleki. Chimenecho ndi maziko a buleki yonse. Chikawola, palibe zokambirana, chisinthidwe. Komanso pali galimoto zina za disiki kumbuyo zimene handibuleki yake ndi kadramu kakang'ono kobisika mkati mwa disikiyo. Pa zimenezo, timashoe ta handibuleki timagwiridwa ndi timapini todutsa pa kambale komweko. Kakawola timapini timazuka, timashoe timagwera mkati, handibuleki imasiya kugwira kapena tayala limamangika muli pa liwiro. Mnyamata wozolowera kudula akafika pamenepo ndi sizasi yake, mugwireni dzanja.

Ndiye tichite chiyani? Zanga ndi izi, mwachidule.

Kakangopindika, kawongoleni. Zunguzani disiki ndi dzanja mpaka pasamveke kukhudza paliponse, pakhale kampata kozungulira konse.

Kakachita dzimbiri pamwamba koma kakadali kolimba, kapaleni ndi bulashi ya waya, pakani penti yopirira moto, samalani isadonthere pa disiki kapena pa mapadi.

Kakang'ambika pa mabawuti pokha, nthawi zambiri mawashala aakulu amakagwira n'kukhalanso zaka.

Kakawoleratu, kakulendewera, muli pa ulendo, pamenepo inde kachotseni, chifukwa chitsulo chogwedera pafupi ndi paipi ya buleki n'choopsa kuposa kusowa kwake. Koma kumeneko ndi kumanga bala ndi nsanza kuti mukafike kuchipatala, si mankhwala. Mukafika, funani kena. Kwa ogulitsa zida za galimoto zophwasulidwa timbale timapezeka, ndipo poti anthu ambiri satifuna, si tokwera mtengo ngati zida zina. Kwa mitundu ina ya galimoto kuli timbale topangidwa zidutswa ziwiri, tolowa popanda kuchotsa hub. Amakaniko ena aluso amadula katsopano mbali imodzi, kukalowetsa kuseri kwa hub, n'kukalumikizanso. Kapena dikirani tsiku losintha bearing, hub ikhala itatuluka kale, muikiretu nthawi imodzi. Ine ndinachita choncho. Mkulu uja anandipezera kakale ka galimoto yofanana ndi yanga, ndipo kali pamenepo mpaka lero.

Ndipo mukatsegula pamenepo, yang'anani padi yamkati, osati yakunja yokha imene imaoneka msanga. Pa disiki pamakhala nambala yodindidwa yosonyeza kupyapyala kumene siyenera kupitirira. Funsani makaniko akuonetseni.

Abale, chimene chandilembetsa zonsezi si kambale kokha. Ndi khalidwe limene latilowa lakuti chilichonse chovuta pa galimoto mankhwala ake ndi kuchotsa. Injini yatentha, chotsa thermostat. Nyali ya ABS yayaka, zula babu. Lamba wa pampando wavuta, dula. Chaka ndi chaka galimoto ikupepuka, ndipo aliyense wochotsa amati, "Izi n'za azungu." Kampani yopanga galimoto mamiliyoni imawerenga ndalama ya kabawuti kalikonse. Kachitsulo kakanakhala kopanda ntchito, iwo eni akanakhala oyamba kukasiya kuti apindule. Sanakaike chifukwa chotikonda.

Ndipo kumbukirani kuti galimoto ya kumudzi si ya mwini wake yekha. Kapikapu kanga aka ndi kamene kamanyamula mayi woyembekezera pakati pa usiku kupita kuchipatala. Ndi kamene kamanyamula bokosi pa maliro, kwaya pa Sabata, feteleza wa mudzi wonse mu November. Amene amakwera kumbuyoko sadziwa kuti pansi pachotsedwa chiyani. Amangokhulupirira kuti ine ndasamala. Ball joint ikazuka pa mtsetse, tayala limapindikira pansi pa galimoto, ndipo pamenepo palibe buleki kapena chiwongolero chimene chingakuthandizeni. Yanga ija inagwidwa ikadali pa gudu gudu. Ndikanati ndidikire ndigulitse kaye mbatata, sindikudziwa kuti bwenzi ndikulemba zotani lero.

Kwa inu amakaniko, ulemu wanu ndimaupereka. Mumagwira ntchito pa dzuwa, pa fumbi, ndi zida zochepa, ndipo mumadzutsa galimoto zimene kwawo zinatayidwa kalekale. Popanda inu mbatata zathu zikanaolera kumunda. Ifenso eni galimoto tili ndi mlandu wathu, timafuna zotchipa, timafuna zachangu, makaniko akatchula mtengo weniweni timathawira kwa wodula. Ine ndinathawirako, ndavomera. Koma inu ndi amene mumadziwa, ndiye udindo waukulu ndi wanu. Phunzitsani anyamata anu kuwongola asanaphunzire kudula.

Mnyamata uja ndinakumana naye pa msika mwezi watha. Ndinamufotokozera zonse, mwaulemu. Anakanda m'mutu n'kuti, "Madala, ifetu anatiphunzitsa choncho." Sindinamukalipire. Ndinangomupempha kuti wina akadzabwera ndi tsiii tsiii, ayambe wagwira pulayala.

Inu amene muli ndi galimoto, mawa m'mawa musanalize injini, pindani chiwongolero mpaka kumapeto, gwadani, suzumirani kuseri kwa tayala. Onani mbali zonse ziwiri. Mundiuze m'munsimu zimene mwapeza, ndipo amakaniko amene mukuona kuti ndalakwitsa, bwerani ndi mfundo zanu, ndiziwerenga zonse ndikabwerako kudimba. Za mtengo wa kachewere tikamba Lachisanu.